Odwala a Azakhali

Lachitatu

Ndadzuka mtima uli m'malere. Fomu yosankhira maphunziro a ku yunivesite ikufunika Lachisanu, koma mzere woyamba sindinalembepo kanthu. Bambo akuti ndilembe unamwino. Ndasesa bwalo kawiri, ndatunga madzi mitsuko ili yodzaza kale, maganizo akungobwerera kwa azakhali, alongo awo a bambo.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene uthenga unafika kwathu ku Kabudula kuti azakhali atenga udokotala kunja. Anayamba ndi kuphunzitsa pulayimale ku Nambuma, kenaka koleji ya aphunzitsi, mpaka yunivesite. Ife zonsezo sitinazisamale. Tinangogwira mawu amodzi: dokotala.

Azakhali anabwera kumudzi nyengo yosoka fodya. Tinali m'chigafa, zala zikunata ndi utomoni wa masamba, pamene a Nachisale, mayi oyandikana nafe, anatulukira atagwira tsaya lotupa. Anabwera chifukwa cha ine. Ndinali nditawalonjeza kuti azakhali awazula dzino tsiku lomwelo.

Azakhali sanaseke. Anawapepesa, n'kuwapezera wakabaza wowatengera kuchipatala. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Iwe, unamva kuti ndine dokotala. Unafunsa kuti wa chiyani?"

"Ayi, azakhali. Mwana safunsa akulu."

"Nanga kusukulu?"

"Aphunzitsi amati tizingoloweza."

"Odwala anga ndi ana osafunsa ngati iwe," anatero, akutola singano yosokera. "Ntchito yanga ndi kufufuza chifukwa chimene timatumizira ana kusukulu, ndi chimene chimawatseka pakamwa akafikako."

Bambo anaseka. "Zaka zonse zija, achemwali, ngakhale jakisoni simungabaye eti?"

"Sokani fodya, achimwene. Masamba akufota."

Kwa sabata yathunthu ndinkazemba njira yodutsa kwa a Nachisale. Ndinkaganiza kuti kulakwa kwanga kunali kusamvetsa. Pano nditamaliza Fomu 4 ndaona kuti kunali kusafunsa, ndipo sikunathe. Miyezi itatu bambo akunena za unamwino, ine ndikungoti "chabwino, bambo", pamene mabuku awiri a zauphunzitsi amene azakhali ananditumizira ndawawerenga mpaka zikuto kuthothoka.

Ndikuopa. Bambo sakonda kubwezeredwa mawu, ndipo akakwiya amakhala masiku osandiyankhula.

Komabe mawa ndiwalondola kudimba. Ndikagwada, n'kuwafunsa chifukwa chimene akufunira unamwino, ndipo ndikamvetsera mpaka amalize. Akamaliza, ndikawauza kuti pa mzere woyamba uja ndikufuna kulembapo uphunzitsi, ndikaone nawo odwala a azakhali.