Makoko a Chimanga Chachizungu

Dzulo ku Kachulu, chaka chino chomwe nyanja yatithawa, ndidaponda khoko la chimanga chachizungu, chipatso cha njere zofiira chija. Ndidawerama n'kulitola, ine munthu wamkulu, anthu akuona!

Ndili mwana ndidaba zipatso zimenezi kwa amake Fulosi, Alomwe oyandikana nafe. Njere ndidadya, makoko n'kutaya. Posuzumira kumpanda ndidawaona akutola makokowo n'kuyanika padenga. Wotola zotaya mwana n'ndani, ngati si mfiti?

Sabata isanathe m'mimba mudatseguka, miyendo n'kusanduka bango. Ndiye awo, amake Fulosi atulukira ndi chikho cha madzi akuda, owiritsa makoko omwe aja.

"Amayi, musalole! Abwera kudzandimaliza!"

"Yasamula, wakuba iwe," adatero amake Fulosi. "Zotsekemera udadya wekha, zowawazi ukusiyira yani?"

Amayi adanditsina mphuno, ndidameza. Khambi lake lidaumitsa lilime gwa, ndipo ndidagona kudikira imfa. M'mawa mwake ndidapempha phala.

Mpaka lero sindikhulupirira munthu msanga, funsani aliyense kuno kwa Mwambo. Koma mankhwala ndidataya ndekha, adanditolera ndi mfiti yanga ija.