Malata a Kuchipinda

"Munabwera ndi mphasa ndi khasu basi, alamu! Dothi lija munabwera nalo inu?"

Anandikalipira choncho ndi mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, pakhomo lotulukira pabwalo la ndege ku Chileka. Tsikulo kunkafika anthu ochokera ku Haji, ndiye panali pikitipikiti: mikanjo yoyera, nthungululu, kukumbatirana, aliyense ndi omulandira ake. Ine ndinkachokera ku Qatar, komwe ndinatha zaka ndikulondera geti la eni ake padzuwa losungunula nsapato. Miyendo inali itatupa ndi kukhala m'ndege, makutu asanatseguke. Maso anga ankafuna mkazi wanga ndi ana athu awiri. Ndinangoona mlamuyo, atakolekera thumba la feteleza paphewa.

M'thumbamo munali jekete yanga yakale, chikwanje, wailesi yakufa, ndi satifiketi ya Fomu 4 yopindidwa pakati. Kwathu ku Chiradzulu mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo akakusonkhanitsira katundu, ukwati watha. Mlamuyo anandiuza mosapsatira kuti mlongo wake watopa ndi mwamuna wa pafoni, munda uja akulima wina. Nditafunsa za nyumba ya njerwa yomwe ndinamangitsa ndi thukuta la ku chipululu, m'pamene anandiponyera za dothi zija.

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinamugwira pakolala. Tirole yokankhira katundu wanga inagudubuzika, sutikesi n'kutseguka, madiresi ndi nsapato za ana mbwee pansi, anthu n'kumaponda. Wapolisi anatilekanitsa.

"Bambo, nkhondo ya kwanu mukamenyere kwanu. Pano pali alendo."

"Kwathu kwake kuti?" ndinamufunsa. Anatembenuka n'kumapita.

Ndinagwada n'kumatola timadiresi pakati pa miyendo ya anthu osangalala. Nditadzuka mlamu anali atapita, thumba atalisiya pamapazi anga. Ndinaimbira mkazi wanga mpaka batire kufiira. Pomaliza anayankha ndi mwana wanga wamkazi.

"Ababa, mwafika? Amayi akuti musabwere. Koma nsapato zija mwagula?"

Ndinakhala pa sutikesi mpaka bwalo lonse linachita zii. Oyendetsa matakisi ankangofunsa kuti, "Tipite kuti, bwana?" Funso lomwelo n'lomwe linkandidya.

Ndinakagona kwa mlongo wanga ku Kadewere, m'kachipinda kosungira chimanga, chifukwa pamudzi wobadwira mwamuna ulibe nyumba, ndiwe malume chabe. Mlongo wangayo sananditonthoze.

"Achimwene, kulira n'kwa chiyani? Dothi ndi lawo, njerwa zikhale, koma malata ndi anu. Kasasuleni. Amuna onse amatero. Wolima mundayo afolere yekha."

"Nanga ana? Mvula ili pafupi."

"Ana ali ndi amalume awo. Si uja anakunyamulirani thumba?"

M'mawa ndinabwereka hamala ndi makwerero, n'kukwera njinga yamoto mpaka kumudzi kwa mkazi wanga, kufupi ndi Magomero. Palibe anandiletsa. Apongozi analowa m'nyumba mwawo, mkazi wanga anaima pansi pa mpapaya atapinda manja. Ndinayambira pamwamba pa chipinda chathu. Msomali uliwonse unkalira pozuka, ndipo ndinkamva kukoma, sindinama. Dzuwa linagwera pa bedi, pali bulangete lomwe sindinagule ine.

Nditafika pakhoma logawa zipinda ndinazula lata lotsatira, n'kusuzumira. Neti yobiriwira, yunifomu pachingwe, makope pa mpando. Mtsikana wanga anali chilili pakati pa chipinda, atakweza mutu, fumbi la padenga likumugwera m'maso.

"Ababa, kunonso muchotsa?"

Ndinabwezera lata lija. Misomali yopindika ndinaiwongola pamtanda, n'kuikhoma mpaka inalowa mitu. Kenako ndinatsika, ndinaika sutikesi ya ana pakhonde, ndinamanga malata a kuchipinda chathu aja ndi luzi, n'kuwasenza.