Tizingwe ta a Vinsenti

A Vinsenti anali mkamwini m'mudzi mwathu ku Nachisaka, munthu wamfupi, wouma pakamwa. Asanakwatire mayi anga aang'ono, a Susana, anagwirapo ukhuki kwa mzungu wa ku Italiya pa esiteti ya fodya ku Kasungu. Kumeneko anatolako luso lomwe tonse tinkaliseka: kukanda ufa wa tirigu ndi mazira, kuupsinja ndi botolo mpaka upyapyale, n'kuudula tizingwe. Ife tinkati nyongolotsi.

Chaka china, masiku aja olowa mumsika ndi kadi ya chipani, mwana wawo Enoki atangosiya bere anayamba kutupa masaya ndi miyendo. Tsitsi linafiira, phala ankangolavula. Azimayi sanachedwe kugamula: "Tsempho ili! Bambo wake akuyenda njira zam'mbali." Malume, eni mbumba, anauza a Vinsenti kuti aulule, apo ayi amange katundu. Ngakhale a Susana anasiya kuwayang'ana kumaso. Ine zinandiwawa, chifukwa bamboyo ndi kumowa komwe sankapita.

"Ndiulule chiyani, alamu?" anatero a Vinsenti. "Mwanayu phala lokha silikumukwana. Thupi likufuna mkaka ndi mazira."

Mazira kwa mwana? Ha! Kwathu zinali zachilendo zimenezo.

Anapalasa njinga kukwera mapiri a ku Ntchisi kukagula tirigu. Mkaka anapempha kwa aphunzitsi ena oweta ng'ombe, nausiya ugone mpaka ukhale chambiko, kenako n'kuuthira pansalu kuti madzi akhe. Zoyera zotsalazo anasakaniza ndi tizingwe towiritsa, kuphwanyaphwanya, n'kumadyetsa mwana ndi chala. Poyamba Enoki anakana. Kenako anayamba kutsata chalacho ndi kamwa.

Kutupa kunaphwa pang'onopang'ono. Mwezi wachiwiri mwana anaimirira atagwira mtondo. Malume anati yagwira ntchito ndi mizu ya asing'anga yomwe ankamumwetsanso, mlandu ukadalipo, mkamwini azipitabe kwawo.

Masana a tsiku lomwe anawauza kuti anyamuke, a Vinsenti anali pamoto kuphikira mwana komaliza, mtolo wa zovala uli pakhomo. A Susana anatuluka m'nyumba ndi kachikho ka mchere. Kwathu munthu wokayikiridwa zam'mbali sathira mchere m'chakudya cha mwana, amati amudula. Azimayi onse anali pakhonde, maso tong'o.

"Bambo a Enoki," anatero a Susana, akuwapatsa kachikhoko, "thirani ndinu."