Burashi ya Chiuli ndi Ndevu za a Tembo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pamzere wa sopo. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene mphekesera yakuti sopo wafika inkadzutsa komboni yonse ya Kanyama. Ndinali nditangobwera kuchokera ku Katete, ndipo amalume ankandituma kukawaimira pamzere. Tsiku lina bambo wina wamfupi, wa manja onjenjemera, anandiyang'anitsitsa zala nati, "Iwe mwaiche, manja yako yalibe mantha. Ubwere unione." Anali a Mulenga, wometa anthu, amene anaphunzira ntchitoyo kuhotela ina ku Kitwe.

Malo awo anali kachipinda ka malata: mpando umodzi, kalilole, sizasi, lumo lopinda, lamba wonolera ndi mbaula. Koma chimene ankanyadira chinali burashi yatsopano yopakira thovu, yogula kwa mmwenye ku Kamwala. Ubweya wake unali wotuwa, nsonga zoyera, ndipo ukanyowa unkanunkha ngati galu wovumbwidwa ndi mvula. "Ni chiuli cha ku Ulaya," ankatero monyada. Mawu amenewo anatithamangitsira anthu. Ife akummawa timadziwa kuti chiuli ndi nyama yaukali, ndipo chikopa chake chimalowa m'mankhwala. Ndani angalole chimenecho kumaso kwake? Ambiri ankameta tsitsi lokha, ndevu n'kubwerera nazo kwawo.

A Mulenga sanatekeseke. Anandiphunzitsa kuti burashi yatsopano imafuna kuizoloweretsa. M'mawa uliwonse ndinkaiviika m'madzi ofunda, kuitikita ndi sopo pachikhatho, kuitsukuluza, n'kuipachika chozondoka kuti iume. Fungo linatha, nsonga zinafewa. Pochita thovu umayamba waikutumula kuti isadonthe, n'kuzungulitsa nsonga zokha pasopo, osakanikiza. Kenako umapita m'mbale, n'kumawonjezera madzi ndi chala, dontho ndi dontho. Vuto linali madziwo. Kanyama wakhala pamiyala ya laimu, ndipo madzi a pachitsime amapha thovu. Choncho tinkasunga a mvula m'diramu kuseri. Lumo ndinkaliyesera pamphonda yopakidwa sopo. Nkhope ya munthu ndinali ndisanaikhudzepo.

Tsiku limene sindiliiwala linafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, diramu lija litauma gwa. M'kachipinda muja munalowa munthu wowonda, ndevu mpaka pachifuwa. A Mulenga anaimirira. Anali a Tembo, amene anatengedwa ndi apolisi zaka zingapo m'mbuyomo chifukwa cha zimene analankhula pamowa, ndipo dzina lawo tinkalitchula monong'ona. Anali atangotulutsidwa m'ndende.

"Nafika kunyumba, Dailesi mwana wanga wangena pansi pa bedi," anatero. "Akamba ati sine batate bake. Nichoseni ivi."

Ndinadula ndevu ndi sizasi. Khungu lonse linali zilonda za nsabwe. Pankhope yotero, thovu likakhala lamadzimadzi lumo limakoka, ndipo munthu amatuluka ali magazi okhaokha. Mwana wothawa ndevu akanatani ndi magazi? A Mulenga anayang'ana manja awo akunjenjemera, kenako anandipatsira lumo.

Ndinathamangira madzi a pachitsime. Thovu linatuluka lotuwa, la mabowo akuluakulu, n'kuphwa ndikuliyang'ana. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Poganiza kuti kutentha kungathandize, ndinafuna kuviika burashi m'ketulo yowira, koma a Mulenga anandigwira dzanja. "Uzaipaya! Manzi yakupya yasungunula guluu wogwira ubweya." Anandiuza kuti ndiwiritse madziwo kwambiri, ndiwaphule, ndidikire laimu akhale pansi, kenako nditsanule apamwamba okha.

Kudikira kumeneko kunali kowawa. Kuti nthawi ipite, ndinafunsa a Tembo ngati sakuopa ubweya wa chiuli. Anaseka koyamba. "Mwana, nagona na vinthu voipa kupambana chiuli."

Madzi atafika pofunda, ndinaviika burashi, kuikutumula, n'kuyamba kuzungulitsa. Poyamba panali phala louma. Dontho limodzi, linanso. Mwadzidzidzi burashi inalemera m'dzanja, phokoso lokhwekhwereza linasiya, ndipo m'mbale munayamba kufufuma chinthu choyera, chonyezimira, chosalala ngati zonona za mkaka. Nditatukula burashi, thovu linaima njo pansonga, osagwa. Kachidutswa ka sopo kaja, madzi omwe aja ankandikana, ndi ubweya wa nyama yakutali, zonsezo n'kubala chinthu chokongola chotere m'manja mwanga!

Ndinawapaka mofatsa, ndipo a Tembo anatseka maso. Misozi inatsika n'kutsegula tinjira m'thovumo. Lumo linayenda chotsetsereka, motsata kumene ndevu zagonera, ndikulambalala chilonda chilichonse. Silinatuluke ngakhale dontho la magazi. Nditapukuta ndi thaulo, panaoneka nkhope ya munthu wosakalamba konse, wa kadzenje pakati pa chibwano.

Pakhomo panali pataima akazi awo a Tembo, atagwira kamtsikana kobisala kuseri kwa chitenje. Kanasuzumira, kanabisalanso, kenako kanayenda pang'onopang'ono mpaka pampando. Kanatukula chala n'kuchiika m'kadzenje kaja, ngati kakuyesa ngati chikukwanabe.

"Batate," kanatero.

A Mulenga anatuluka msanga, ati kukaona makala.

Ndameta anthu moyo wanga wonse, ndipo achinyamata amene ndawaphunzitsa amandiseka kuti ndimachedwa pambale. Ndimangowasiya aseke. Kuthamanga sikufika. Ndikanaphula madzi aja msanga tsiku lija, Dailesi akanabwereranso pansi pa bedi.