Bodza Langa pa Kyubu Ruti ya -8

Ndimaphunzitsa masamu pasekondale ina kufupi ndi Nsaru. Tsiku lina ndinabwereka laputopu ya ahedi kuti ana a Fomu 4 aone galafu ya kyubu ruti, komanso, kunena zoona, kuti andione ine. Nditadina, pulogalamu yojambulira magalafu inajambula mzere kumanja kwa ziro kokha. Kumanzere, kwa manambala a negetivu, kunangoti mbee.

Ndinati, "Mwaonatu, manambala a negetivu alibe kyubu ruti."

Mtsikana wina, Tadala, anaimirira. "Aphunzitsi, -2 kuchulukitsa ndi -2, kenako ndi -2 wina, si -8 kodi?"

"Iwe ndi kompyuta wanzeru ndani?" ndinamuyankha. Anzake anamuseka, iye n'kufufuta yankho lolondola m'kope mwake.

Mawa lake mphunzitsi mnzanga anandionetsa kuti wolakwa ndine: manambala oterowo ali ndi kalembedwe kawo m'pulogalamumo. Sabata yonse ndinkangomuzemba Tadala m'malo momupepesa. Pomaliza ndinajambula galafu yonse pabolodi n'kunena kuti, "Laputopu ija ili ndi vairasi."

Ahedi atamva, anakwera nayo minibasi kukaikonzetsa m'tauni. Ine ndinawaperekeza mpaka pasiteji, nditawanyamulira chikwama.