Tsiku Limene Sindinakuwe

Mayi anga anabwera kuno wapansi kuchokera ku Mozambiki ali kamtsikana, ndipo tsiku limene ndinayamba kubereka dengu la tiyi anandichenjeza. Anati, "Munthu akamabwera kwa iwe akuimba, nyimboyo usaimvere. Umuyang'ane m'manja."

Sindinachedwe kuona kuti ananena zoona. Kapitawo wathu ankaimba mluzu wokoma tsiku lochotsa anthu ntchito mvula ikatha. Bambo a ana anga analowa m'nyumba akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi tsiku limene anandiuza kuti ali ndi mwana wina ku Masambanjati. Ngakhale amayi a mpingo akabwera kudzakuimbira pakhomo, pakamwa pamakhala Yesu, maso ali pa nkhuku zako. Ndakalamba ndikuyang'ana m'manja mwa anthu, ndipo kunena zoona ndatopa nako. Koma chizolowezi sichipuma pantchito ngati mmene ndinapumira ine.

Nditasiya kuthyola tiyi ndinachoka m'nyumba za antchito, kumalayini a esiteti, n'kudzakhala pa kamalo aka, m'malire mwenimweni mwa munda wa kampani. Ndikatuluka pakhomo ndimaona tiyi mpaka kumene maso alekezera, koma panga polima chinangwa ndi nandolo mwana akhoza kuponya mwala n'kupitirira. Ndimakhala ndekha. Zidzukulu zili kutauni. Kuseri kwa mpanda wanga wa nsungwi kunkakhala mayi wina amene tinathyola naye tiyi mzere umodzi zaka zambiri. Tinkaitanana kuti achemwali, ngakhale panalibe ubale, ndiponso panalibe chikondi. Kalekale wina anakauza kapitawo kuti ndimawaza madzi m'masamba kuti dengu lilemere pasikelo. Ndinkawazadi. Koma amene anandinenera ndi iwowo, sindikayika, ngakhale mpaka lero amakana.

Wailesi ya kanema inabwera ndi mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku Limbe. Anabwera ndi amisiri, anakhoma sola ndi dishi padenga.

"Amama, muzikhala ndi chokuyankhulitsani," anatero.

"Wandibweretsera choitana akuba," ndinamuyankha.

Masabata oyamba m'nyumba munkadzaza. Anthu amene sanandipatsepo moni anadziwa mwadzidzidzi kuti ndine anganga awo, agogo awo enieni. Ine kanemayo sindinkamuona bwino, chifukwa ndinkayang'ana alendowo. Kenako sipuni yanga ina inasowa, ndipo ndinawathamangitsa onse, achemwali aja pamodzi. Sipuniyo ndinadzaipeza m'thumba la nandolo. Sindinauze munthu. Chitseko chinali chitatsekedwa kale, ndiye ndinachisiya chotseka.

Apo ndi pamene ndinayamba kutsatira sewero la kuchipatala. Limaonetsedwa dzuwa likapendeka, nthawi imene othyola tiyi akuweruka. Ndi chipatala cha kunja, choyera ngati m'kati mwa dzira, ndipo madokotala ake amayankhula Chingerezi cha m'mphuno, chothamanga. Chingerezi changa ndi cha pasikelo ndi cha sukulu ya mishoni imene ndinalekeza panjira. Sichikwanira pamenepo. Nkhope zawo nazonso sizithandiza. Dokotala amamwetulira wodwala, amamugwira paphewa, n'kutuluka panja kukapukusa mutu. Ndinati, ehe, awanso ndi akapitawo.

Chimene chinandigwira ndi nyimbo. Ndinazindikira kuti m'chipatala chimenecho palibe chimene chimachitika nyimbo isananene. Pali yoyambira, ya ng'oma, pamene akuthamanga ndi timabedi ta mateyala. Pali ina yogunda msangamsanga ngati makina a kufakitale nthawi ya masamba ambiri. Imeneyo ikalira ndiye kuti akung'amba munthu, koma achira, angovutika chabe. Pali ya gitala, ya dokotala ndi namwino amene amabisalirana kuseri kwa kabati ya mankhwala, ndipo ikayamba ine ndimapita kukatsekera nkhuku. Ndiye pali ija. Limba lokha, kulira kamodzikamodzi, ngati madontho a chiperoni akamagwera mu ndowa kuchokera padenga. Kenako mayi wosaoneka amayamba kung'ung'udza. Ikafika imeneyo, kaya wodwala akuseka, kaya akudya, kaya dokotala akuti zonse zili bwino, munthuyo wapita.

Tsiku loyamba kuizindikira ndinakuwa ndekha m'nyumba: "Wapita uyo!" Ndipo anapitadi. Kuyambira pamenepo chinakhala chizolowezi. Limba likangoyamba, ine, "Wapita uyo! Itanani abale!" Mawu anga ndi a m'munda, ozolowera kuitana munthu wa tsidya lina la chigwa.

Mwina mukudabwa kuti nkhalamba ingakondwere bwanji ndi nyimbo ya imfa. Si kukondwera ayi. Bambo a ana anga anamwalira m'chipatala chenicheni, ine ndikuwadikirira. M'mawa umenewo anadzuka bwino, anapempha phala. Ndinapita kumalo kumene odikirira odwala timaphikira, ndinadikira kuti mafuwa apezeke, ndinaphika, ndinathira shuga wambiri mmene ankakondera. Pobwerera ndinapeza bedi lawo atalitchinga ndi nsalu. Panalibe chondiuza. M'wodimo wina ankatsuka mbale, wina ankakangana ndi mlamu wake za bulangete. Nyimbo inadzabwera pambuyo, amayi osawadziwa atandizungulira n'kuyamba kuimba tikuperekeza thupi, ine phala lidakali m'manja. Kwathu kuno nyimbo imabwera zinthu zitatha. Ya pakanema ija imabwera nthawi ikadalipo yoti ukhale pansi, phala ulisiye. Ndi nyimbo yokhayo imene ndinayamba ndaikhulupirira, mwina chifukwa ilibe manja oti ndiwayang'ane.

Kanemayo ndinamupezeranso ntchito ina. Ndinkamuyatsa m'mawa ndithu, mokweza, n'kumusiya akulankhula tsiku lonse, kaya ndili kumunda kaya kuchigayo, kuti wodutsa aziganiza kuti m'nyumba muli anthu. Ndinkaona ngati ndachenjera kwambiri.

Tsiku limene sindinakuwe linali la dzuwa, chiperoni chitakhala masiku atatu. Ndinatereka nyemba za kalongonda panja, popeza zimafuna kuwira tsiku lonse. Ndinalowa m'nyumba kukatenga chipande, ndipo mwachizolowezi ndinakoka loko wa chitseko, ngakhale ndinali wotuluka pompo. Ndikutembenuka, pansi panapendekeka. Ndinapezeka ndili chigonere pakati pa mpando ndi khoma, tsaya lili pasimenti. Mwendo wakumanzere sunali wanga. Dzanja nalonso. Ndinayesa kuitana, lilime linali ngati chinangwa chosaphika m'kamwa.

Kanema ankangolankhula.

Ndinamva anthu akudutsa panjira. Mayi wogulitsa mapeyala anaima pakhomo, anati odi kawiri, kenako ndinamumva akuuza mnzake, "Alipo, akuonera kanema wawo. Safuna anthu amenewa, tiye." Ananena zoona zokhazokha. Msampha umene ndinatchera akuba unagwira mwini wake. Ndinagona pamenepo dzuwa likuyenda pakhoma, ndikumva za nyengo, za mpira, za sopo wochapira. Ludzu linandigwira. Ndinadzinyowetsa, ndipo ndinalira chifukwa cha manyazi kuposa chifukwa cha mantha. Ndinkaganiza kuti mwana wanga amaimba foni Lamlungu lokha, ndipo tsikulo linali Lachitatu. Ndinkaganizanso kuti adzandipeza chifukwa cha fungo, ngati khoswe wofera kudenga.

Kenako ng'oma zija zinalira, ndipo ndinadziwa kuti dzuwa lapendeka. Pamene ndinagona kanema sindinkamuona, ndinkangomva. Dzulo lake anali atagoneka mdala wina wa ndevu zoyera, wodwala mtima, wokonda kuseka ndi anamwino. Inabwera yogunda msangamsanga ija. Inabwera ya gitala. Kenako kunakhala zii pang'ono, ndipo limba linayamba. Dontho. Dontho. Mayi uja anayamba kung'ung'udza.

Sindinaganize za mdala wa ndevu. Ndinati, yafika yanga. Ndipo sindinakwiye. Ndinati chabwino, ine ndiye andiuza, sanandibisire ngati anzanga. Pakamwa panayesa pokha kunena mawu aja a masiku onse, koma panangotuluka malovu.

Nyimbo isanathe ndinamva mawu kumpanda.

"Achemwali!"

Kenako pawindo.

"Achemwali, kodi wapita kapena sanapite? Mwangoti chete bwanji?"

Anagogoda kutsogolo. Anazungulira kuseri. Ndinamva chitsulo chikulowa pampata wa chitseko chakumbuyo, kamtengo kotsekera kananyamuka, ndipo analowa ali ndi mpeni wodulira tiyi m'manja, umene anasungabe chichokereni pantchito. Anandiyang'ana, anati, "Mayo ine," n'kuvula chitenje chawo kundifunditsa m'chiuno asanaitane munthu aliyense. Chimenecho sindidzaiwala. Kenako anatuluka kukakuwa, ndipo amuna amene ankaweruka kumunda anandinyamula mpaka kumsewu.

Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ndikanagona pamenepo mpaka mawa lake, zikanakhala zina. Ndinakhalako masabata angapo. Mwana wanga sakanatha kusiya ntchito masiku onsewo, ndiye wondidikirira anali achemwali omwewo. Lilime litayamba kumasuka, funso langa loyamba silinali lothokoza.

"Munadziwa bwanji kuti chitseko changa chakumbuyo chimatseguka ndi mpeni?"

"Iii, achemwali, mudzi wonse ukudziwa. Palibe amene amafuna masipuni anu."

"Nanga munabwereranji?"

"Chaka chonse ine seweroli ndimalionera kumpanda. Ndimakhala pamtondo wanga ndikusenda chinangwa. Ng'oma zikalira ndimadziwa kuti layamba. Limba likalira ndimadikira inu mulengeze maliro. Tsiku lija limba linalira, linalira, wolengeza kulibe. Ndinati, mayi amene uja sangasiye munthu kufa osamukuwira. Wafa ndi iyeyo."

"Ndiye munabwerera sewero, osati ine."

"Nanga inu muli ndi chiyani choti munthu abwerere? Imwani phalali lisanazizire."

Ndinamwa. Ndinayang'ana m'manja mwawo, mmene mayi anandiphunzitsira. Munali sipuni, ndipo inali yawo.

Za mdala wa ndevu sitinadziwe. Nditabwerera kunyumba sanalinso m'seweromo, koma kaya anamwalira kaya anamutulutsa, palibe wotiuza. Achemwali ankati anachira, ati chifukwa nyimbo ija tsiku limenelo inanama, poti ine ndili moyo. Ine ndimati sinaname, sinali yanga chabe. Tinakangana zimenezi miyezi ingapo, iwo atakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, chifukwa ndinayamba kuwalola kulowa. Ankalankhula kwambiri nthawi ya limba, ndipo ankakonda ya gitala ija, munthu wamkulu ngati iwo. Za kapitawo ndinawafunsanso kamodzi. Anati, "Mukadali nazo? Tiyi amene uja anthu anamwa kalekale." Sanavomere ndipo sanakane bwinobwino.

Chaka chino mawondo awo anakana, ndipo mwana wawo anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Bvumbwe. M'nyumba mwawo mwalowa mphunzitsi wachinyamata wochokera kutali, waulemu ndithu, koma amabwera mochedwa ndipo m'makutu mwake mumakhala tizingwe ta foni. Ndikhoza kukuwa mpaka mbalame kuthawa m'mitengo, iye sangatembenuke. Mwana wanga akuti ndisamukire ku Limbe. Ndikachoka, kamalo aka ndidzakapeza kali ndi chimanga cha munthu wina, chifukwa kuno malo sagona okha. Ndiponso amene anandibereka ali m'manda a pompano. Ndakana, ndipo watopa nane. Nanenso ndatopa.

Ndimamwa mapiritsi anga. Ndimakoka mwendo mpaka kumunda n'kubwerako. Kanema ndinasiya kumuyatsa m'mawa, ndimadikira nthawi ya sewero. Loko wa chitseko ndimayesa kumusiya masana, koma dzanja limakoka lokha, ndimadzazindikira nditakhala kale pansi. Limba likalira ndimakuwabe, ngakhale mawu atsala theka ndipo kuseri kwa mpanda kulibe mtondo.

Ndalemba izi ndi dzanja limene linatsala, ndipo kupempha sindinazolowere, ndiye mundikhululukire ngati zikumveka ngati ndikukalipa. Inu amene mumadutsa njira ya m'malire mwa tiyi poweruka, nyumba yake ndi ya dishi padenga, ya mpanda wa nsungwi wogwa mbali imodzi. Mukamva ng'oma, pitani, ndili bwino, ndayatsa ndine. Mukamva limba lija likudontha, chepetsani liwiro mumvetsere. Nkhalamba ikakuwa kuti wapita uyo, pitirizani ulendo. Ikapanda kukuwa, kapena dzuwa likapendeka m'nyumba muli zii, musaime pa odi. Zungulirani kuseri. Chitseko chake mwamva kale mmene chimatsegukira.

Mukandipeza ndili bwinobwino pampando, ndidzakuyang'anani m'manja ndipo mwina sindidzakupatsani mpando. Musakhumudwe nazo. Mudzabwerenso mawa lake.