Mgolo Wotsiriza wa Zebulon Pettengill

Zebulon Pettengill anali wokhoma migolo m'tauni mwathu, kugombe la Massachusetts, masiku amene ambirife tinali tisanaiwale kwathu ku England. M'migolo yake tinkalongezamo nsomba zamchere zopita kutsidya la nyanja. Anali munthu wachete, wosajomba kutchalitchi, koma dzanja linkamuyabwa. Akamaliza mgolo ankalemba timizere ta ndakatulo pansi pake ndi chitsulo chamoto.

Abusa athu ndi woweruza milandu anali pachilamu. Abusa akakutchula pa guwa Lamulungu, Lolemba unkaima pamaso pa alamu awo. Ndiye tsiku lina Zebulon analemba kuti:

Abusa akuti nkhosa ndi za Mulungu,
Alamu awo akuti ubweya ndi wa boma.
Nanga nkhosa ikazizidwa ikadandaule kwa yani?

Mkazi wake, Tamsin, ataona anagwira pakamwa. "Inu bambo, mukufuna ndikhale wamasiye? Palani zimenezo!"

"Aa, mayi, nsomba zinayamba liti kuwerenga?"

Koma amalinyero anawerenga. Sitima yapamadzi imene inanyamula mgolowo itabwerera chaka chotsatira, ankaimba mawuwo padoko, mokweza, ataledzera. Aliyense ankadziwa amene amalemba pansi pa migolo.

Palibe anamuitana kubwalo. Abusa anangolalikira za lilime, osayang'ana munthu. Asodzi tinasiya kugula kwa iye, moni tikumupatsira patali. Kenako woweruza anafika yekha pamene Zebulon ankagwirira ntchito, nkumasisita matabwa.

"Mbale Pettengill, manja anu ndi aluso. Mundikhomere umodzi waukulu."

"Wa nsomba, bwana?"

"Ayi. Woti inuyo mukwanemo. Pamwamba musiye chibowo cha mutu."

Anaukhoma mosamala monga ankachitira ina yonse, Tamsin akulira pakhomo. Tsiku la msika anamuveka mgolowo, kamtengo kong'alula atamupana nako lilime, ndipo anaima choncho kufikira dzuwa litapendeka. Tonse tinalipo. Woweruza ankayang'ana nkhope zathu imodzi imodzi, osati ya Zebulon.

Analamula Zebulon ndi mkazi wake kuchoka m'dera lathu nthawi yomweyo, chipale chofewa chitayamba kale kugwa. Tamsin anapempha kuti adikire nyengo yofunda, koma anamukaniza. Ndinawaona akulowa m'nkhalango, mwamuna patsogolo atasenza zipangizo zake, akutsokomola.

Nyengo yodzala itafika tinamva kuti Tamsin ali ku Rhode Island, akuchapira anthu zovala, yekha. M'nyumba mwawo munalowa mphwawo wa abusa. Mwezi womwewo woweruza anayamba kufunsa khomo ndi khomo kuti ndani anaseka pamene amalinyero ankaimba.